Timaphatikiziranji ma partial derivative pamene zonse zikusintha limodzi?

Wofunsa

Anzanga, ndithandizeni pa samu iyi. Silinda ili ndi radiyasi r = 5 cm, ndipo kutalika kwake ndi h = 12 cm. Akuti r ikwere kufika 5.1, h itsike kufika 11.8, ndiye tiyerekeze kuti voliyumu V = πr²h yasintha bwanji popanda kuwerengetsa V yatsopano.

Ndachita monga tinaphunzirira, pogwiritsa ntchito ma partial derivative (momwe V imasinthira chimodzi chokha chikasuntha, chinacho chitaima): ∂V/∂r = 2πrh = 120π, ndipo ∂V/∂h = πr² = 25π. Choncho 120π × 0.1 + 25π × (−0.2) = 7π, pafupifupi 21.99 cm³.

Yankho lapezeka, koma mtima wanga sukukhazikika. Pofuna ∂V/∂r ndinaimitsa h kuti isasunthe, pofuna ∂V/∂h ndinaimitsa r. Komatu pa silindayi zonse ziwiri zasuntha nthawi imodzi! Nanga chikundilola kuphatikiza ziwirizi n'chiyani? Sindikufuna kungoloweza.

Yankho loyamba

Funso lanu ndi la nzeru, ndipo nkhawa yanuyo ndi yoona: pali kanthu komwe mwakataya. Tiyeni tikafufuze pamanja.

Lembani kusintha kwa r kuti a, kwa h kuti b, kenako chulukitsani (r + a)² ndi (h + b), π mumusiye kaye pambali. Mukachotsapo r²h yakale, zotsala ndi izi: 2rh·a + r²·b + h·a² + 2r·ab + a²b. Ziwiri zoyambirirazo ndi zomwe inu mwawerengetsa, 12 ndi −5. Zitatu zinazo ndiye zomwe mwasiya: h·a² ndi 0.12, 2r·ab ndi −0.2, a²b ndi −0.002. Zonse pamodzi zikupanga −0.082. Ndiye kusintha kwenikweni ndi 6.918π, pafupifupi 21.73 cm³, ndipo inu mwaphonya ndi 0.26 basi.

Yang'anitsitsani 2r·ab uja. Kusunthira limodzi kwa r ndi h komwe kukukuvutitsaniko kwabisala m'menemo, chifukwa ndi momwe a ndi b akumana. Koma kachinthu kakang'ono mukakachulukitsa ndi kanzake kakang'ono, zotuluka zimachepa kwambiri. Yesani a = 0.01 ndi b = −0.02. Kuyerekeza kwanu kuchepa kakhumi, kufika 0.7π, pamene zosiyidwazo zichepa pafupifupi ka 100. Mukamayandikira poyambira paja, zosiyidwazo zimazimiririka msanga kuposa zomwe mwasunga. N'chifukwa chake timaloledwa kuzitaya.

Yankho lachiwiri

Ndingowonjezerapo pa zomwe anenazi. Muziona chain rule, lamulo lopezera momwe V ikusinthira pamene r ndi h zikusintha ndi nthawi t, ngati samu yomweyi. Tiyerekeze kuti r ikukula 0.1 cm pa sekondi ndipo h ikuchepa 0.2 cm pa sekondi. Pamenepo dV/dt = ∂V/∂r × dr/dt + ∂V/∂h × dh/dt = 7π cm³ pa sekondi pa nthawi yomwe r = 5 ndi h = 12. Apa sikulinso kuyerekeza ayi, ndi yankho lenileni, chifukwa zosiyidwa zija mukazigawa ndi kanthawi komwe kapita, n'kulola kanthawiko kuyandikira 0, zimatheratu.

Chinanso chomwe ine ndimachikonda: gawani zonse ndi V, mupeza dV/V = 2·dr/r + dh/h. Mukaphonya ndi 1 peresenti poyeza radiyasi, voliyumu iphonyeka ndi pafupifupi 2 peresenti, pamene kuphonya komweko pa kutalika kumabweretsa 1 peresenti yokha. Woyeza silinda asamalitse radiyasi.

Yankho lachitatu

Chenjezo limodzi, abale. Kupezeka kwa ma partial derivative pakokha sikokwanira. Tengani f = xy/(x² + y²), ndipo pa (0, 0) muiike kukhala 0. Motsata mzere wa x, f ndi 0 ponseponse, motsata wa y chimodzimodzi, ndiye ma partial derivative onse awiri pa (0, 0) ndi 0. Kuyerekeza kukuuzani kuti pafupi pamenepo f ili cha ku 0. Koma yendani pa mzere wa y = x: f ndi 1/2, ngakhale muyandikire chotani. Njira ija imakhala yodalirika ngati ma partial derivative ali continuous, kutanthauza kuti sadumphadumpha, mozungulira malowo. Pa silinda yanu 2πrh ndi πr² sadumphadumpha paliponse, choncho mulibe vuto.

Wofunsa

Zikomo nonse. Ndayesa a = 0.01 ndi b = −0.02, zosiyidwa zatuluka −0.000802, pamene poyamba zinali −0.082. Tsopano ndikufuna ndijambule f ya yankho lachitatuyo pa kompyuta kuti ndione momwe ikuthyokera pa (0, 0).