Bwanji opera ku Artscape amaimba lero n'kudumpha mawa?

Nabanda_Parow:

Moni nonse. Ndikuyang'ana ndandanda ya zionetsero za chaka ku Artscape kuno ku Cape Town, ndipo pali zina sizikundilowa m'mutu. Opera imodzi amaiika masiku ochepa chabe, komanso modumphadumpha: lero aimba, mawa kuli zii, mkuja aimbanso. Ikatha, holo imakhala chotseka masiku angapo, kenako n'kubwera ballet, imene amavina motsatizana, Loweruka mpaka kawiri. Kodi kumeneku si kutaya ndalama? Poti anthu aliphunzira kale sewerolo, osangoliimba mwezi wathunthu bwanji? Komanso munthu amene sanaonereko zoterezi ayambire pa iti, ndipo agule mpando wa pati?

Mbewe_wa_Bass:

Achemwali a Nabanda, choyamba dziwani kuti ndandanda mukuionayo si ya gulu limodzi. Artscape ndi mwini nyumba chabe. Inatsegulidwa mu 1971 ndi dzina la Nico Malan, dzina latsopanoli linabwera mu 2001. Oimba ndi a Cape Town Opera, amene anaima paokha mu 1999 bungwe la boma la CAPAB litatha. Ovina ndi a Cape Town City Ballet, ochokera ku gulu limene Dulcie Howes anayambitsa mu 1934. Oliza zida nthawi zambiri ndi a Cape Town Philharmonic Orchestra, amenenso ali ndi makonsati awoawo ku City Hall. Onsewa akulimbirana holo imodzi ya mipando pafupifupi 1,500, ndipo orchestra, gulu la oliza zidawo, singakhale m'dzenje lake la kutsogolo kwa siteji ku Artscape ndi ku City Hall usiku umodzi.

Tsono za kudumpha masiku. Mu opera mulibe maikolofoni. Woimba ayenera kumveka mpaka mzere womaliza kumwamba uko ndi pakhosi pake pokha, pamene pakati pa iye ndi anthu pali zida 60 kapena kuposa zikulira. Chimene chimatulutsa mawu onsewo ndi timinofu tiwiri ta m'kholingo, tosaposa masentimita awiri ndi theka kutalika kwake. Soprano, woimba wamkazi wa mawu okwera kwambiri, akakwera pa C wam'mwamba uja, timagundana koposa ka 1,000 pa sekondi imodzi. Akaimba usiku wonse timatupa pang'ono, ngati mmene zikhatho zimachitira munthu ukaswera ndi khasu. Akapuma tsiku limodzi kapena awiri kutupako kumaphwa. Akaimbirapo tili chitupire, mawu amasasa, iye amayamba kukakamiza kuti amveke, ndiye mpamene pamamera timatuza tolimba kapena kamtsempha kamaphulika. Zikafika pamenepo ndi milungu, mwina miyezi, osaimba.

Onani La traviata ya Verdi, ya 1853. Woimba mbali ya Violetta amamaliza gawo loyamba ndi nyimbo yothamanga, yokwera kwambiri. Gawo lachiwiri akulimbana ndi bambo wa chibwenzi chake, mawu olemera, kwa nthawi yaitali. Gawo lachitatu ali gone pabedi akufa, ndipo ayenera kuimba motsitsa kwambiri koma kumveka holo yonse, chimene chili chovuta kuposa kukuwa. Palibe amene angachite zimenezi bwinobwino masiku asanu otsatizana. Mukaona opera ili pa Lachisanu ndi Loweruka, yang'anani maina: pali magulu awiri a oimba akuluakulu osinthana.

Za mwezi wathunthu, werengani nokha. Mipando 1,500 kuchulukitsa ndi masiku 5 ndi matikiti 7,500. Usiku uliwonse pali orchestra, kwaya, anthu a kuseri kwa siteji, ovalitsa, a zamagetsi, onse ofuna malipiro, kaya holo yadzaza kaya ayi. Opera kulikonse sidzilipira ndi matikiti okha, imadalira othandiza. Ndiye kuli bwino masiku 5 odzaza kusiyana ndi masiku 20 oimbira mipando.

Masiku amene mukuti kuli zii aja, m'katimo muli piringupiringu. Ntchito imayenda chonchi. Woimba amabwera ataloweza kale mbali yake, ndipo amayamba kuiwongola ndi woliza piyano. Kenako milungu itatu kapena inayi m'chipinda choyeserera, mmene pansi amamata tepi kusonyeza pamene padzakhale khoma, chitseko ndi masitepe. Orchestra imakhala ikuyeserera payokha. Tsiku loyamba kukumana oimba ndi orchestra amalitcha Sitzprobe, mawu a Chijeremani: onse amangokhala pamipando, palibe zovala, palibe kusewera, khutu lili pa nyimbo basi. Akatero amakwera pa siteji yeniyeni ndi piyano, kuti aphunzire zitseko ndi masitepe enieni, kenako siteji ndi orchestra, pomaliza kuyeserera komaliza atavala zonse. Masiku a pa sitejiwa ndi amene amaoneka opanda kanthu pa ndandanda. Ndipo mukapeza mwayi wolowa pa kuyeserera, musadabwe kumva woimba wamkulu akung'ung'udza chapansipansi kapena kutsitsa manotsi okwera. Akusunga mawu, si ulesi.

Phiri_Kuseri:

A Mbewe anena za pakhosi, ine ndionjezere za pansi, chifukwa opera ndi ballet sizingapondere pamodzi.

Opera imamangidwa ngati nyumba: makoma olemera, masitepe, makonde, zina zokhomedwa ndi zomangira m'matabwa a siteji, ndipo kawirikawiri pansi amapapendeketsa dala kuti akumbuyo azioneka. Wovina ballet akufuna pansi posalala, pathyathyathya, pofewa. Akadumpha n'kutera pamalo olimba, mphamvu yonse imabwerera m'akakolo, m'misongolo ndi m'mawondo, ndipo mafupa amayamba kung'aluka pang'onopang'ono.

Ndiye opera ikangotha usiku womaliza, anthu akutuluka panja, kuseri ayamba kale kugwetsa. Nsalu zazikulu ndi makoma ena amakhala atapachikidwa pa mipiringidzo ya kumwamba. M'mabwalo amene mipiringidzoyi imayenda ndi zingwe za pamanja, mbali inayo kumakhala zitsulo zolemera mofanana ndi katunduyo. Lamulo lake silisintha: pokweza, yambani kumanga katundu, zitsulo pambuyo, potsitsa, yambani kuchotsa zitsulo, katundu pambuyo. Mukamasula khoma zitsulo zili momwemo, mpiringidzo umathawira kumwamba ngati mfuti, zitsulo n'kugwa. Anthu amavulala pamenepa.

Siteji ikayera, amayala matabwa olumikizana okhala ndi timipira kapena thovu lolimba kunsi kwake, kuti pansi pazidzinyutuka pang'ono munthu akatera. Pamwamba pake amayala chipulasitiki chokhuthala chimene onse amangochitcha marley, chobwera m'mipukutu ya mamita pafupifupi awiri m'lifupi. Cholakwika chofala ndi kuchimata msanga. Chikachokera kozizira n'kumatidwa tepi nthawi yomweyo, magetsi akatentha chimafutukuka n'kuchita makwinya, ndipo khwinya limodzi ndi lokwana kugwetsa munthu amene akuzungulira pa chala. Muchitambasule, muchisiye chikhazikike, muchikoke, kenako mumate. Pokolopa, polishi asayandikire n'komwe. Utomoni umene ovina amaponda kuti nsapato igwire ndi wabwino pa thabwa, koma pa marley malo ambiri amaukaniza, chifukwa umasiya pena pomata pena poterera, ndipo phazi silidziwa chimene likumane nacho.

Zotsalira za opera nazo zimavuta: phula la makandulo, magazi abodza, timisomali. Gawo lachitatu la La bohème kumagwa chipale chofewa cha timapepala. Timapepalato timakakamira kumwamba, ndipo patapita masiku mudzaona kamodzi kakutsika pang'onopang'ono pakati pa sewero lina limene likuti kuli chilimwe.

Magetsi nawonso amasintha. Mu opera tikufuna nkhope ndi pakamwa, ndiye kuwala kwambiri kumachokera kutsogolo ndi kumwamba. Mu ballet tikufuna thupi lonse, ndiye nyali zimaimikidwa pa mitengo yachitsulo m'mbali mwa siteji, zina m'munsi penipeni, pa msinkhu wa msongolo. Nyali iliyonse amailozetsa payokha, munthu ali pa makwerero, siteji ili mdima. Ntchito imeneyi singachitike wina akukhoma kapena akuyeserera.

Nangondo_B:

Ndiwongole pang'ono pa zoti ballet imavinidwa motsatizana, kuopa a Nabanda angaganize kuti ovina satopa. Ovina akuluakulu nawo amasinthana. Mu Swan Lake mkazi mmodzi amavina mbali ziwiri, Odette ndi Odile, ndipo gawo lachitatu amazungulira ka 32 pa mwendo umodzi osalekeza. Amene wavina masana Loweruka si amene avine madzulo. Ovutika enieni ndi a m'gulu, atsikana ovala zoyera aja, chifukwa iwo alibe wosinthana naye. Amavina chionetsero chilichonse, ndipo kuima chilili mwendo umodzi kumbuyo kwa mphindi zingapo utangotha kudumpha kumabweretsa dzanzi ndi kukokana kwa minofu. M'mawa mwake kalasi ya ola limodzi ndi theka ili pomwepo, kuyambira pa mpiringidzo wogwirira, ngakhale tsiku la chionetsero.

Nsapato zoimira pa zala si zathabwa ngati mmene ambiri amaganizira. Kutsogolo kwake ndi nsalu ndi mapepala zomatidwa ndi guluu. Thukuta ndi kutentha zimafewetsa guluuyo, ndiye wovina wamkulu atha kumaliza peyala imodzi usiku umodzi. Ikafewa, phazi limapindikira kutsogolo mopitirira, ndipo ngozi yake imagwera pa akakolo. Yatsopano nayo siivalidwa chomwecho: mwini wake amasokerera yekha maliboni ndi lasitiki, amaipinda, amaimenyetsa pansi kuti isamagogode. Ndi chimodzi mwa zinthu zodya ndalama kwambiri pa gulu la ballet.

China chimene chimadya masiku ndi orchestra. Wotsogolera nyimbo (tisamutche kondakitala, angatifunse ndalama ya minibasi) mu opera amapuma limodzi ndi woimba, kumudikira akafuna kukoka mpweya. Mu ballet maso ake ali pa mapazi. Akachedwetsa, wodumpha amatera nyimbo isanafike, poti munthu sangayembekeze m'malere. Akafulumiza, wozungulira amataya mayendedwe. Magulu osinthana aja aliyense ali ndi liwiro lake, ndiye aliyense ayenera kuyeserera ndi wotsogolerayo.

Mbewe_wa_Bass:

Zoona amayi. Ndipo a kwaya amene anazolowera kutchalitchi amvetse ichi: pa siteji yaikulu simutsata khutu. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mukaima mamita 20 kumbuyo n'kudikira kumva orchestra, mawu anu pofika kwa anthu achedwa kale, ndipo zimamveka. Mumatsata ndodo ya wotsogolera nyimbo. N'chifukwa chake m'mbali mwa siteji mumakhala ma TV ang'onoang'ono oonetsa dzanja la wotsogolera, kuti ngakhale wofulatira aziliona.

Gama_Wynberg:

Funso lachiwiri lija lisaiwalike. Pa opera yambani ndi La bohème ya Puccini ikapezeka: magawo anayi aafupi, nyimbo zonse sizikwana maola awiri, nkhani yake ndi ya achinyamata osowa ya lendi ndi nkhuni mumzinda wa eni, imene ambiri kuno sitifunika kuimasuliridwa. Carmen nayo ndi yabwino, nyimbo zake mwazimvapo kale osadziwa, koma ndi yaitali, muwerengere maola atatu ndi nthawi yopuma. Pa ballet ine ndingasankhe Giselle, ya 1841, magawo awiri okha ndipo nkhani imamveka popanda mawu. The Nutcracker imene imakonda kubwera nyengo ya Khirisimasi ndi yotengera ana; gawo lake lachiwiri nkhani imatha, pamangotsala magule otsatizana.

Mpando: wa ballet gulani wokwera, mizere yoyambirira ya m'mwamba, kuti muone mmene gulu likupangira mizere ndi mabwalo. Kutsogolo penipeni pansi mumalipira zambiri koma mapazi ena sawoneka, ndipo mumamva nsapato zikugunda. Wa opera khalani chapakati, kupewa mipando imene ili kunsi kwa khonde la m'mwamba, poti kumeneko mawu amafika ofooka. Amaimba m'Chitaliyana, Chifalansa kapena Chijeremani, koma pamwamba pa siteji pamalembedwa kumasulira kwake, njira imene inayambira ku Toronto mu 1983. Mukakhala pafupi kwambiri khosi limapweteka ndi kuyang'ana kumwamba ndi pansi. Werenganiko nkhani yake musanapite kuti maso akhale pa anthu.

Fikani mphindi 30 isanayambe. Ochedwa salowetsedwa mpaka papezeke popumira, ndipo nthawi zina ndiye kuti gawo lonse loyamba lapita. Basi ya MyCiTi imatsitsa pa Civic Centre, pafupi pomwepo, koma onani nthawi ya basi yomaliza ngati chionetsero chili chamadzulo. Suti si lamulo.

Nabanda_Parow:

Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Kamodzi kokha: nanga Violetta uja akadzuka ndi chimfine tsiku la chionetsero, poti June ndi July kuno sachitira chisoni?

Mbewe_wa_Bass:

Pamakhala womuyembekezera, amene anaphunzira mbali yonse ndi mayendedwe ake, ndipo kawirikawiri ndi woimba wachinyamata wa m'gulu lomwelo. Amauzidwa masana, osoka n'kuthamanga kubweza kapena kukulitsa zovala. Ngati wopezekayo akudziwa nyimbo koma sadziwa mayendedwe a seweroli, amamuimika m'mbali mwa siteji ndi buku lake kuti aziimba, pamene wodwalayo, kapena wothandizira wotsogolera sewero, akuyenda pa siteji atavala zovalazo osatulutsa mawu. Mukaona munthu watulukira kutsogolo kwa katani nyimbo zisanayambe, ali ndi kapepala m'manja, nthawi zambiri wabwera kudzanena zimenezi.