Za ogwirizana nawo aja: ndapeza awiri, koma malasha akadandivuta

Masabata awiri apitawa ndinafunsa ngati alipo angagwirizane nane pa sewero lathu la maiko pa Discord (malo ochezerana pa intaneti), momwe ine ndikulamulira Austria m'chaka cha 1861. Zikomo nonse amene munayankha.

Mnzathu amene akulamulira Denmark m'seweroli anavomera tsiku lomwelo, ngakhale kunena zoona ali kutali kwambiri moti pa nyanja ya Adriatic sangandithandize kanthu. Wa ufumu wa Ottoman (Turkey) ndiye wandipepuza, wandilola kuima m'madoko ake.

Wa Britain wakana. Izi zandiwawa, chifukwa m'chaka chimenechi zilumba za Malta ndi Corfu zili m'manja mwake, ndipo sitima ya nthunzi ikasowa potengera malasha imangodalira matanga ngati zakale zija. Zombo zanga zikachoka ku doko langa la Pola ndimawerenga masiku a malasha ndisanawerenge n'komwe mizinga. Wa Britainyo ali ndi Warrior, wa France ali ndi La Gloire yomwe inalowa m'madzi mu 1859, zonsezi ndi zombo zankhondo zokutidwa ndi chitsulo, pomwe zanga zambiri n'zamatabwa.

Ena munandilimbitsa mtima kuti Tegetthoff, mkulu wa zombo zankhondo za Austria, anagonjetsa Italy pafupi ndi chilumba cha Lissa mu 1866 ndi zombo zochepa, mpaka kumiza sitima ya Italy yotchedwa Re d'Italia poigunda ndi mphuno ya sitima. Zoona, koma wa Italy wathuyu mbiri imeneyo anaiwerenganso, sangabwere atamwazikana chomwecho.

Ndiye ndikufunabe mmodzi, makamaka wa Russia kapena Spain. Timasewera Loweruka madzulo, chaka chimodzi cha m'seweroli pa sabata. Wongobwera kamodzi n'kuzimiririka, pepani, ayi.