Kalata ya kupolisi pofuna ntchito: akazi a asilikali mumatani?

Nachisale wa ku Monkey Bay:

Moni nonse muno. Ndine mkazi wa msilikali, abambo akunyumba ali ku Marine kuno ku Monkey Bay. Tisanabwere kuno tinali ku Cobbe ku Zomba, pomwe banja tinaliyambira ku Moyale ku Mzuzu. Ine ntchito yanga ndi ya kuhotela, kulandira alendo ndi kusunga mabuku a ndalama. Koma kulikonse komwe transifa yatiponya, ndimayambiranso pansi ngati munthu woti sanagwirepo ntchito.

Pano loji ina cha ku Cape Maclear yandiitana kuintaviyu. Akuti tsikulo ndipite ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, kalata ya kuchipatala, mafotokope a masetifiketi odindidwa, komanso makalata awiri ochokera komwe ndinkagwira kale. Ya kupolisiyo ndili nayo, ndinapangitsa tili ku Zomba, koma akuti yakhalitsa, iwo akufuna yosapitirira miyezi 6. Mlandu ndikanaupalamula kuti, munthu wongokhalira kuyanika usipa kuseri kwa nyumba?

Ndawerengera zithunzi, mafotokope, kudinditsa, zolipira kuchipatala ndi kupolisi, kuphatikiza minibasi yopita ku boma ndi kubwerera, ndalama yake yandikhalitsa pansi. Ntchito yeniyeniyo sindinaipeze, ndi intaviyu chabe. Kwinaku bwana wanga wakale wa ku Mzuzu anachoka, nambala yake sikugwiranso. Ndiye ndifunse: n'zoyenera kuti azifuna zonsezi munthu asanakulembe? Woyenera kulipira ndani? Nanga amayi anzanga a m'mabalakisi, inu mumapanga bwanji?

Kalaliki wa pa boma:

Achemwali, ine ndimagwira mu ofesi yolemba anthu ntchito pa bungwe lina kuno ku Mangochi, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira mbali yathu. Kalata ya kupolisi sitiifuna chifukwa chokukayikirani inuyo. Pa loji mudzagwira makiyi a zipinda za alendo ndi ndalama za pakauntala. Kwathu kuno antchito amapita m'masukulu ndi m'midzi kukakumana ndi ana, ndipo otithandiza ndi ndalama salola kuti tilembe munthu popanda kalatayo. Zoti ikhale yatsopano n'chifukwa chakuti imangonena za munthu mpaka tsiku lomwe inalembedwa. Za mawa lake siidziwa.

Komabe kuifuna pa tsiku la intaviyu ine sindigwirizana nazo. Kuitana anthu 10 pa malo amodzi, onse n'kuwononga ndalama, 9 n'kubwerera chimanjamanja, si chilungamo. Ife timayamba tasankha munthu, n'kumupatsa kalata yoti ntchito waipeza pokhapokha akabweretsa mapepala akutiakuti pofika tsiku lakuti. Aimbireni mwaulemu, muwauze kuti pa intaviyu mubwera ndi yakaleyo, ndipo yatsopano mupangitsa akakutengani. Ambiri amavomera. Akakana, pamenepo mwadziwiratu mtundu wa mabwana ake.

Mukamakapangitsa, yambirani pa polisi ya kwanu komweko mufunse zofunika musanakwere galimoto, mutatenga chiphaso cha unzika. Amadinda zala, ndipo zidindozo zimakaonedwa ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe, n'chifukwa chake si chinthu chotenga tsiku lomwelo. Ndalama iliyonse mukapereka, tengani lisiti la boma. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mumutumizire ndalama pa foni kuti "akufufuzeni" kapena akusungireni malo, ameneyo ndi mbava. Olemba ntchito enieni salipiritsa.

Za bwana wa ku Mzuzu musadandaule kwambiri. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati munthu akamasiya ntchito, akapempha, womulemba ayenera kumupatsa setifiketi yosonyeza nthawi yomwe wagwira ndi udindo womwe anali nawo. Imeneyo amapereka ndi kampani, osati munthu amene anachokayo. Lemberani ku ofesi yawo.

Mayi Sajeni wopuma:

Mwanawe, nkhaniyi yandikumbutsa kutali. Ine ndi bambo ako tinazungulira nazo izi: Kamuzu Barracks, Chilumba, MAFCO ku Salima, mpaka anapuma tinadzakhazikika kuno kwa Chimwala. Ndinali mphunzitsi wa sukulu zomwe si zaboma, ndiye ululu wako ndikuudziwa.

Chomwe ndinkachita ndi ichi. Transifa ikangomveka, ndisanayambe n'komwe kumanga mbale m'makatoni, ndinkathamangira kwa ahedi kukatenga kalata. Ukadikira kuti lole ya katundu ifike pakhomo, basi, kalata imeneyo sudzaionanso. Munthu akakhala patali amaiwalika msanga, ukaimba foni amangoti "tikutumizirani" mpaka chaka kutha. Ndinali ndi chikwama cha pulasitiki chomwe chinkakhala pansi pa sutikesi, mkati muli masetifiketi, makalata ndi zithunzi zotsala, chokulungidwa m'chitenje kuopa chiswe ndi chinyezi. Pa ulendo sichinkakwera lole. Ndinkachinyamula pamiyendo.

Koma ndikuuze zoona, mapepala ndi nkhani yaing'ono. Chachikulu n'chakuti akangoona adiresi ya kubalakisi, mumtima amati uyu sakhalitsa. Sanena pakamwa, amangokufunsa kuti "amuna anu ali kuno mpaka liti?" ngati kuti mkazi wa msilikali amauzidwa. Ine ndinkayankha kuti malinga ndili pano ntchito ndiigwira ndi mtima wonse, ndipo pochoka ndidzanena nthawi ilipo. Ena ankanditenga, ena ayi. Anzanga ambiri anatopa nazo n'kuyamba geni, wina kaunjika, wina kutumiza nsomba zouma ku Limbe. Sindikuwanyoza, ana aphunzira nazo. Koma iwe uli ndi pepala, usalisiye liwole.

Za ndalamazo, ngati muli ndi banki m'khonde ya amayi kumalaini kwanuko, kabwereke kumeneko. Katapila usayerekeze, chifukwa nkhani ikafika kwa akuluakulu a bambo, manyazi ake ndi a nyumba yonse.

Mlamu wa ku Texas:

Alamu, ndikuwerenga ndili kuno ku America, kwathu ndi ku Malindi. Mkazi wanga ndi namwino ndipo amagwira ndi akazi angapo a asilikali a kuno. Musaganize kuti vutoli ndi la kwathu kokha. Kuno mabanja a asilikali amasamutsidwa pafupifupi zaka 2 kapena 3 zilizonse, ndipo kafukufuku wa unduna wawo wa zachitetezo wakhala akusonyeza kwa zaka zambiri kuti mwa akazi ndi amuna a asilikali ofuna ntchito, pafupifupi 21 pa 100 alionse sali pantchito. Dziko lake ndi limodzi, koma chigawo chilichonse chili ndi ziphaso zakezake za anamwino ndi aphunzitsi, ndiye ukasamuka umadinditsanso zala ndi kulipiranso. Kalata ya kupolisi ya kuno, yochokera ku FBI (apolisi ofufuza milandu a dziko lonse), payokha ndi madola 18, koma odinda zala ndi bungwe lopereka chiphaso amafunanso zawo.

Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anadandaula mpaka aphungu anamva. Lamulo linalola kuti asilikali azibwezeredwa ndalama zomwe mkazi kapena mwamuna wawononga potenganso chiphaso chifukwa cha transifa, poyamba mpaka madola 500, kenako anakweza kufika 1,000. Mu Januwale 2023 anasainanso lamulo loti chiphaso cha chigawo china chizigwira ntchito komwe banja lasamukira. Kwathu mwayi ulipo kale pang'ono, poti namwino wolembetsedwa ku khonsolo ya anamwino ndi azamba amagwira kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Chatsala n'chakuti magulu a amayi a m'mabalakisi ayitengere nkhaniyi kwa akuluakulu, poti wosamutsa banja ndi boma.

Che Bwana wa pa Nkope:

Ine ndili ndi malo ogona alendo ang'onoang'ono. Zoti olemba ntchito azilipira makalatawa n'zosavuta kunena. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ifenso tinagwa nayo. Ndinalipirirapo mnyamata wina zonse, mwezi usanathe anapita ku Joni. Panopa ndimati munthu alipire yekha, asunge malisiti, akakwanitsa miyezi itatu ndimamubwezera.

Nachisale wa ku Monkey Bay:

Zikomo nonse. Achimwene a pa boma, ndaimba monga munanenera. Avomera kuti ya kupolisi ndi ya kuchipatala zidikire zotsatira, koma masetifiketi odindidwa akuwafunabe Lachinayi. Ku Mzuzu ndalembera kale. Che Bwana, nzeru yanu ya malisitiyo ndikaitchula akakafika pofunsa ngati ndili ndi funso. Amayi, Loweruka tili ndi msonkhano wa amayi kumalaini, mungalole kudzatilankhula? Thiransipoti tisonkherana.