Ulendo wa ku Cape Town mu Seputembala: maluwa akutchire tikawaonere kuti?

Mayi wa ku Zomba:
Moni nonse. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Cape Town wandiitana kuti ndikamuone mu Seputembala, ndipo ndikakhalako masiku khumi. Ndamva kuti nthawi imeneyi chisanu chimakhala chikutha ndipo kunja kwa mzinda kumachita maluwa ambiri akutchire. Ine ndimakonda maluwa chiyambire utsikana wanga, kotero sindikufuna kukathera masiku onse m'mashopu. Kodi tikayambire kuti, nanga ndinyamule zovala zotani?

Bambo wokhala ku Bellville:
Mayi, mwasankha mwezi wabwino, koma musatengere nyengo ya kwathu. Kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo mu Seputembala imakhala isanathetu, choncho nyamulani juzi ndi jekete lotchinga mphepo.

Malo amene ndikukupemphani kuti musawaphonye ndi Postberg, mbali ya malo osungirako zachilengedwe a West Coast National Park imene ili pafupi ndi tawuni ya Langebaan, mtunda woposa makilomita 100 kumpoto kwa mzinda mukatsata msewu wa R27. Mbali imeneyi imatsegulidwa mu Ogasiti ndi Seputembala basi. Musakhazikitsiretu tsiku lopitako, chifukwa maluwawo amamasula kukakhala dzuwa, ndipo kukachita mitambo amangofumbata. Ulendo wanga woyamba tinafika m'mamawa kuli nkhungu, tinangoona udzu, mpaka ndinayamba kudandaula za ndalama ya petulo. Koma itakwana 11 koloko dzuwa linawala, ndipo dambo lonse linasanduka loyera, lachikasu ndi lalalanje kukafika kumiyala ya m'mphepete mwa nyanja. Mkazi wanga anagwada pansi n'kumayang'anitsitsa kaduwa kamodzi kakang'ono ngati batani la malaya. Poyenda muzionetsetsa kuti dzuwa lili kumbuyo kwanu, pakuti maluwawo amapenya kumene kuli dzuwa.

Mlongo wa ku Hermanus:
Ndikugwirizana ndi bambowa, koma ndiwonjezere kuti ngati n'kotheka mufike kumayambiriro kwa mwezi, chifukwa zaka zina maluwa amayamba kufota mwezi usanathe. Mukapeza tsiku lina, bwerani kuno ku Hermanus, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja kum'mwera chakum'mawa kwa Cape Town, mudzaone anamgumi, amene amayandikira gombe m'miyezi imeneyi mpaka cha mu Novembala. Sipafunika kukwera boti, chifukwa pali kanjira ka pamwamba pa matanthwe kamene munthu amaimapo n'kumawaona akupemerera madzi m'mwamba.

Mphunzitsi wa ku Wynberg:
Amayi, galimoto ikavuta musade nkhawa, pakuti munda wa Kirstenbosch, umene unakhazikitsidwa mu 1913, uli mumzinda momwemo m'munsi mwa Table Mountain, ndipo zomera zambiri za dera lino, kuphatikizapo maluwa a protea, zimapezeka mmenemo. Pa nkhani yokwera phirilo, mukadzuka n'kuona kuti pamwamba pake palibe mtambo, nyamukani tsiku lomwelo, chifukwa kagalimoto koyenda pachingwe kamene kamakweza anthu paphiripo kamaimitsidwa mphepo ikakula.

Mayi wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamuuza mwana wanga kuti apemphe tchuthi m'sabata yoyamba ya Seputembala, ndipo juzi ndaika kale m'chikwama.