Za ndalama ya mbaula ndi mbande

Mlembi: Abale, achimwene athu a ku Joni atumiza ndalama yoti tigulire mabanja a kumudzi chitetezo mbaula, yotsalayo tigule mbande zodzala m'munsi mwa phiri la Michesi. Nyengo yodzala mitengo iyamba pa 15 Disembala, tigwirizane msanga.

Amayi a ku Ndirande: Yalowa mu akaunti iti?

Aphunzitsi: Tithokoze kaye, amayi. Abale, nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mbaula. Tikawotcha makala, nkhuni kapena petulo, mpweya wa carbon dioxide umakwera n'kukhala ngati bulangeti lofunda dziko, kutentha sikutuluka. Nyanja ikatentha, namondwe amatunga madzi ambiri n'kudzatikhuthulira kuno. Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Marichi 2023. Patsiku la Freddy ndinali kumudzi. Miyala yaikulu ngati nkhokwe inatsika ndi matope, ndipo pamene panali munda wa mlongo wanga lero ndi mchenga wokhawokha.

Malume a ku Lilongwe: Utsi wake ndi wa mafakitale a ku Ulaya, America ndi China. Agogo ophika futali pa mafuwa alakwanji?

Aphunzitsi: Mukunena zoona, malume. Africa yonse mpweya wake sufika ndi 5 pa 100 aliyense wa mpweya wotere wa dziko lonse lapansi. Koma phiri lathu sanamete ndi a ku China. Mizu ikasowa, dothi siligwira, madzi amangotsika ndi liwiro. Komanso mbaulayi imadya nkhuni zochepa, mapesi a nandolo okha nsima yapsa, ndipo utsi sutsamwitsa ana m'khitchini.

Amayi a ku Ndirande: Funso langa silinayankhidwe. Ya mjigo ija tinasonkha miyezi inayi. Mjigo uli kuti? Mayi anga mpaka lero amatunga kudambo.

Msungichuma: Malisiti ndinawaonetsa pamsonkhano wa ku Limbe.

Amayi a ku Ndirande: Munaonetsa a simenti okha.

Mnyamata wa kabaza: Aphunzitsi, pepani, koma inu m'tauni mumaphikira chiyani? Matumba a makala timakweza ndife tsiku ndi tsiku, ogula ndi a m'gulu lomwe lino.

Aphunzitsi: Magetsi akazima ndimagula, sindikana, ndipo zimandipweteka. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira tinakhala mumdima nthawi yaitali, aliyense anathamangira makala, mitengo n'kutheratu. Mwaona mmene zikulumikizirana? Ndiye ndikuti tiyambire kwathu. Mbande zikhale za mibawa ndi nsangu, osati bulugamu m'mbali mwa mtsinje.

Malume a ku Lilongwe: Adzathirira ndani? Zija tinadzala kusukulu zinadyedwa ndi mbuzi, ndipo mwini mbuzizo ali muno, wangokhala chete.

Achemwali a ku Zomba: Mbuzi za bambo anga muzisiye, malume. Mpanda munalonjeza ndinu.

Wapampando: Chonde ulemu, abale.

Achimwene a ku Joni: Ine ndinatumiza ndi mtima umodzi. Ngati zili chonchi, ndituma mlamu wanga akagule yekha mbaulazo.

Aphunzitsi: Musatero achimwene, zikadutsa pakhomo limodzi anthu adzati n'zapachibale. Tikumane Loweruka, amfumu akhalepo.

Amayi a ku Ndirande: Loweruka lomwelo a msungichuma abweretse buku la mjigo. Popanda bukulo ine sindisainira chilichonse.