Kodi "tiki" imene akuluakulu amanena ija n'chiyani?

Nasimango92
Akuluakulu ndithandizeni. Azakhali ataona mpando umene mlongo wanga wakhoma anati, "Umenewu sangaugule ngakhale ndi tiki." Ine n'kuyankha kuti tiki amapereka ndi aphunzitsi m'kope, osati ogula mipando. Anandidzudzula kuti ndisamayankhe zimene sindikuzidziwa, koma tanthauzo lake sananene. Ndiye tiki n'chiyani, nanga mawuwa anachokera kuti?

MayiWaKuNtcheu
Mwandikumbutsa agogo anga. Ankaimanga pa nsonga ya mpango, mfundo ziwiri, chifukwa ikangogwa pa mchenga ndiye kuti yapita. Lamulungu ankamasula mfundozo ndi mano ali pakhomo la tchalitchi.

TsabolaWakale
Mwana wanga, mawuwa ndi athu, musawafunire kutali. Chichewa chikafuna kuchepetsa zinthu chimaika ti- kutsogolo: tiana, tinsomba, tindalama. Tiki ndi tinthu ting'onoting'ono. Makolo athu ataona kuchepa kwa ndalamayo anaitcha choncho. Agogo anga ankati "katiki kanga", ndipo sanapondeko m'kalasi ya Chingerezi.

Wamakobidi
Tiyambe ndi chinthucho, za dzina tibwererako. Tiki ndi ndalama yachitsulo ya mapeni 3, ndipo kwawo ndi ku Britain. Pa kawerengedwe kakale mapeni 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 n'kupanga paundi, choncho paundi inali mapeni 240. Matiki 2 ndi sikisi, matiki 4 ndi sheleni, matiki 80 ndi paundi. Polemba ankalemba 3d, d ameneyo kuimira denarius, ndalama ya Aroma.

Yoyamba inasulidwa mu 1551, Edward VI ali mfumu. M'nthawi ya Elizabeth I ankaika duwa la rozi kumbuyo kwa mutu wa mfumukaziyo, poti nambala panalibe ndipo anthu ankaisokoneza ndi ndalama zina zofanana nayo kukula. Imene azakhali anu akunena ndi ya m'mbuyo muno: yasiliva, mamilimita 16 m'mimba mwake, yolemera magalamu 1.4. Mukaiika pa chikhadabo cha chala chachikulu imangokwanira. Siliva wake anali magawo 925 pa 1,000 mpaka 1920, pamene anamutsitsa kufika pa theka chifukwa mtengo wa siliva unakwera nkhondo yoyamba itatha. Ndiye mawu a azakhali ndi olasa ndithu. Akuti mpandowo sungafike ngakhale pa kandalama kochepetsetsa mwa ndalama zonse zoyera.

TsabolaWakale
Mwamva nokha, "kochepetsetsa". N'zomwe ndanena zija.

MphunzitsiWopuma
Bambo Tsabola, ndi ulemu wonse, galamala ikukukanani. Ti- wochepetsa ndi wa zinthu zambiri, ndipo mnzake wa chinthu chimodzi ndi ka-. Kamwana, tiana. Kansomba, tinsomba. Tiki ikadakhala yotero, imodzi bwenzi tikuti "kaki", ndipo powerenga bwenzi tikuti "tiki tiwiri". Nanga alipo anamvapo zimenezo? Timati tiki imodzi, matiki awiri, monga mmene timachitira ndi mawu obwereka: sitolo, masitolo, buledi, mabuledi. "Katiki" ka agogo anu ndi umboni wanga, osati wanu. Anaphatikiza ka- pa mawu athunthu, kusonyeza kuti kwa iwo ti- uja sanali mphatikiri.

TsabolaWakale
Aphunzitsi, galamala inalembedwa dzulodzuloli. Anthu anayamba kuyankhula mabuku kulibe.

Mtchona_Joni
Mawuwa kuno ku South Africa ndiye kwawo. Azungu a kuno amalemba tickey, Mabunu amati tiekie, ndipo Ashona ku Zimbabwe amati tiki ngati ife. Chodabwitsa n'chakuti ku London komwe ndalamayo inkasulidwa sankaitcha choncho, ankati thruppence. Ndiye ndalama inachokera kumpoto, dzina linachokera kummwera. Boma la Paul Kruger ku Transvaal linali ndi tiki yakeyake kuyambira 1892 mpaka 1897, nthawi imene kwathu kumidzi yambiri malonda anali a nsalu, mchere ndi mikanda. Njira imene dzinali linadzera ndi yosabisika: amuna athu opita ku migodi ya ku Joni ndi ku Salisbury, ena pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya ku migodi, ena paokha, ankabwerera ndi majekete, njinga ndi mawu.

Akatswiri a mawu kuno amatchula magwero angapo. Ena amaloza ku tiga, kutanthauza zitatu m'Chimalaya, poti ku Cape kunali anthu ambiri ochokera ku zisumbu za kumeneko. Ena amaloza ku stukje wa Chidatchi, kutanthauza kachidutswa. Mpaka lero okalamba kuno foni ya pamsewu yoponya ndalama amaitcha tickey box. Rand itabwera mu 1961 anasula ndalama ya masenti 2½ kuti ilowe m'malo mwa tiki, ndipo anthu anangoisamutsira dzina lomwelo.

TsabolaWakale
Achimwene, mwati amuna athu ankapita ku Joni. Nanga n'chifukwa chiyani mukuganiza kuti anakatenga mawuwa? Bwanji osati anakawasiya? Ndiponso "kachidutswa" ka Adatchi kaja ndi kuchepa komwe ndikunena ine.

MayiWaKuLeeds
Kuno mukafunsa nkhalamba za ndalama ya mapeni 3, sakuuzani za kasiliva kaja. Amakumbukira ina yachikasu, yokhuthala, ya mbali 12. Inatuluka mu 1937 chifukwa yasiliva ija anthu ankadandaula nayo, inkasowa m'matumba ndi kupulumuka m'zala. Yatsopanoyi inali ya kopa magawo 79 pa 100, zinki 20 ndi nikelo 1, yolemera magalamu 6.8, kuposa kanayi yakale ija. Makona akewo ankathandiza kuti munthu aizindikire pongoikhudza, zomwe zinathandiza kwambiri m'nthawi ya nkhondo yachiwiri pamene magetsi ankazimitsidwa usiku.

Poyamba inakonzedwa ndi mutu wa Edward VIII, koma iye anatula pansi ufumu mu Disembala 1936. Zochepa zoyesera zimene zinatumizidwa kwa opanga makina oponyamo ndalama sizinabwerere zonse, ndipo lero n'zodula koopsa. Za George VI kuseri kwake kuli kachitsamba kotchedwa thrift, mawu amene m'Chingerezi amatanthauzanso kusawononga ndalama. Kuyambira 1953, pa za Elizabeth II, anaikapo chitseko cha zitsulo zopingasa cha pa linga, cha maunyolo m'mbali ndi chisoti chachifumu pamwamba. Zomaliza zogulira zinthu zili ndi chaka cha 1967. Britain inasintha kawerengedwe pa 15 Febuluwale 1971, ndipo ndalamayi inasiya kugwira ntchito pa 31 Ogasiti chaka chomwecho. Paundi yachitsulo imene inatuluka mu 2017 ili ndi mbali 12 potengera yomweyi.

Kasiliva kaja sikanafe konse. Chaka chilichonse, Lachinayi loyandikira Pasaka, mfumu imagawira okalamba ndalama zasiliva za Maundy, za peni 1, mapeni 2, 3 ndi 4.

Wamakobidi
Zoona mayi, koma yachikasuyo si tiki ya agogo athu. Kuno dzinali linakakamira pa kakang'ono koyera. Poyamba zinkayenda za ku Britain zenizenizo, zokhala ndi nambala 3 yovala chisoti pakati pa nkhata ya masamba. Kuyambira 1932 Southern Rhodesia inayamba kukhala ndi ndalama zake, zomwe zinkayendanso ku Nyasaland, ndipo tiki yake ili ndi mitu itatu ya mikondo. Kenako ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ya 1955 mpaka 1964, yokhala ndi duwa la flame lily. Imeneyi ndiyo ambiri amene ali moyo lero anaigwirapo.

Tsopano chimene chinachititsa kuti a Nasimango asalidziwe dzinali ndi ichi. Malawi itatulutsa ndalama zake zachitsulo mu 1964, panali sikisi ya tambala, sheleni ya chimanga, masheleni 2 a njovu, ndi hafu korona ya chizindikiro cha dziko. Peni inadza mu 1967. Tiki ya Malawi sinasulidwepo. Kwacha itabwera mu 1971, paundi inasanduka K2, sheleni inasanduka 10 tambala, sikisi 5 tambala. Mayina amenewa anapeza pogwira, n'chifukwa chake anthu anapitiriza kutcha K2 kuti paundi ndi K10 kuti faifi paundi kwa zaka zambirimbiri. Tiki ikadakhala matambala 2½, ndalama yomwe kunalibe. Dzina linatsala lopanda chinthu chake, n'kumangokhala m'mawu onyoza ndi odandaula: "ndilibe ndi tiki yomwe", "sanandipatse ngakhale tiki".

WaKuChipata
Kuno chimodzimodzi. Ndalama za Zambia za 1964 zinali sikisi, sheleni ndi masheleni 2, tiki panalibe. Kwacha yathu inakutsogolerani, inabwera mu Januwale 1968, K1 kukhala masheleni 10. Kusiyana kwake, sikisi ife timati susu. Ambuya ankatcha 5 ngwee kuti susu mpaka kumwalira, koma tiki ankangoitchula akakwiya.

Nasimango92
Zikomo nonse. Ndafunsanso, ndipo azakhali atulutsa zinayi m'kachitini ka singano. Ziwiri zada bii, imodzi ndi yotuwa, ina ndi yoboola pakati. Nditsuke ndi phulusa kapena ndimu kuti zioneke bwino?

Wamakobidi
Ayi chemwali, phulusa, mchenga, ndimu, mankhwala otsukira mano, zonsezo zisayandikire. Phulusa limakanda timizere tosafufutika, ndimu imadya pamwamba pa chitsulo n'kuchisiya choyera mombuu. Wogula ndalama zakale akaona yotsukidwa amadula mtengo pomwepo, kuda kuja kwa iye si vuto. Ngati pali litsiro lomata, ziviikeni m'madzi ofunda a sopo pang'ono kwa mphindi 10, tsukuluzani, n'kuzigusa ndi kansalu kofewa osapukuta mokhula. Pogwira muzigwira m'mphepete.

Maginito sakuthandizani, sakoka siliva ndipo sakokanso chitsulo chosakaniza kopa ndi nikelo. Werengani dziko ndi chaka. Ya ku Britain ya 1919 kubwerera m'mbuyo ili ndi siliva wokwana magalamu 1.3. Ya 1921 kupita m'tsogolo ili ndi 0.7, ndipo za 1920 zilipo za mitundu yonse iwiri. Ya Southern Rhodesia ya 1947 kupita m'tsogolo ilibe siliva, ya Chitaganya ya duwa ija ilibenso. Zakuda ziwirizo zikhoza kukhala zasiliva, poti siliva ndiye amada choncho, pamene yotuwayo ikuoneka ngati ya Chitaganya.

Yoboolayo yang'anani kukula kwake. Ngati ndi yaikulu, yofiirira, njovu ziwiri zitaimirira mbali ndi mbali ya bowo, imeneyo ndi peni ya Chitaganya, ndipo bowolo inabadwa nalo. Ya akadyamsonga ndi hafu peni. Tiki sinkasulidwa ndi bowo. Mukapeza yaing'ono yoboola, wina anachita kuboola ndi msomali kuti aivale pa mkanda, ndipo mtengo wake watsala wa siliva yekha. Posunga, iliyonse m'kaenvulopu kake kapepala, pamalo pouma. Mapulasitiki ofewa aja amatulutsa zobiriwira zomata pakapita zaka. Ndipo ndinene poyera, izi zinasulidwa mamiliyoni, musamvere okuuzani kuti mwalemera. Wina akabwera ndi "tiki yagolide ya Sammy Marks ya 1898", dziwani kuti zenizeni zinali 215 zokha ndipo zabodza n'zosawerengeka.

MayiWaKuNtcheu
Mapeni oboolawo agogo ankawatunga pa chingwe n'kumanga m'chiuno mkati mwa nsalu. Pa msika ankatembenukira kukhoma kaye asanalipire. Ana a lero ndalama ili mu foni, ndiye adziwa bwanji tiki?

MphunzitsiWopuma
Si kusadziwa tiki kokha ayi. Mwana akubwera kudzapempha akuti "mundigaireko dola", chonsecho akufuna makwacha. Wina akuti "faivi pini". Kuwerenga m'Chichewa kumathera pa zisanu, ukanena kuti zisanu ndi ziwiri amayamba kuwerenga zala. Tsopano tiki kwa iwo ndi timizere tabuluu ta pa WhatsApp.

Aise_Ndirande
Koma madala, sheleni, paundi, sikisi, peni, chilipo Chichewa pamenepa? Inu munabwereka kwa Angerezi, ife tabwereka kwa Aamerika. Mlandu wathu uli pati?

MphunzitsiWopuma
Ife tinkabwereka n'kuwaveka zovala zathu. Shilling tinamusandutsa sheleni. Inu mumangomeza osatafuna. Ndipo munthu wamkulu sumuyamba ndi "koma madala".

TsabolaWakale
Apo aphunzitsi tagwirizana. Koma mnyamatayu wandithandiza osadziwa. Sheleni ikumveka shilling, sikisi ikumveka six, paundi ikumveka pound. Nanga tiki ikumveka chiyani m'Chingerezi? Palibe. Ndiye ndi yathu.

Mtchona_Joni
Bambo, ndanena kale kuti siinachokere ku London. Kusakhala ya Chingerezi sikuipanga kukhala ya ku Dedza. Ku Cape ankanena tickey kalekale Wenela asanayambe kulemba anthu kwathu.

TsabolaWakale
Ankanena atamva kwa yani?

WaKuChipata
Tikapitiriza apa kucha. Ine ndifunse china, poti a Wamakobidi dzina lawo lomwe likuchokera pamenepo. Khobidi, kapena kobiri monga ena amanenera, ndi copper wa Angerezi kapena cobre wa Apwitikizi a ku Tete? Ambuya ankati kobiri akamanena peni yofiira yokha, yoyera sankaitcha choncho.

TsabolaWakale
Limenelonso ndi lathu. Dikirani ndidye kaye, ndikufotokozerani.