Kodi ndowe za agalu athu zimathera kuti mvula ikagwa?

Mayi wa ku Senga Bay

Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa za umoyo kapena za ziweto. Pakhomo pathu tili ndi agalu awiri amene timawasunga chifukwa cha akuba, ndipo masana amangoyendayenda monga amachitira agalu onse a m'mudzi muno. Mwezi wathawu mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi anachezera usiku wonse kukanda phazi, ndipo titayang'ana m'mawa tinaona kamzere kofiira kokhotakhota pansi pa khungu, ngati ulusi, kamene pofika tsiku lotsatira kanali katasendera cha ku chala chachikulu. Agogo ake anayamba kuganizira zina, koma kuchipatala anatiuza kuti ndi kanyongolotsi kochokera m'ndowe za agalu, kamene kamalowa pakhungu mwana akamaponda mchenga wonyowa wopanda nsapato. Anatipatsa albendazole ndipo mwanayo anachira.

Chimene chikundisowetsa mtendere tsopano ndi madzi. Ndikamasesa m'mawa, ndowezo ndimazikokera limodzi ndi masamba kuseri kwa bafa, ndipo ndaona kuti pamalo pomwepo ndi pamene madzi a mvula amadutsa potsikira ku chitsime chosaya chimene mabanja angapo timatungapo mjigo ukawonongeka. Kodi ndowe za galu zingaononge madzi a pachitsime ndi a kunyanja monga chimachitira chimbudzi cha munthu? Nanga malo oyenera kuzitaya ndi ati? Ndinayesa kukambirana ndi mnansi wanga, koma anandiyankha kuti chiyambire sanamvepo za munthu amene amawolera galu.

Mlangizi wa zaumoyo wopuma, Khombedza

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka. Ndowe za galu zimatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba monga Campylobacter, Salmonella ndi Giardia, ndipo mvula yoyamba ya mu November kapena December imakokolola zonse zimene zinaunjikana pabwalo m'chilimwe chonse n'kukazithira m'zitsime zosavundikira, m'madambo ndi m'mitsinje ngati Linthipe, imene imakathera m'nyanja momwe timasamba ndi kutsuka mbale. Kuno kunyanja vutoli limakula chifukwa cha dothi lathu. Mchenga susefa madzi mokwanira ngati dothi lamakande, komanso madzi apansi ali pafupi kwambiri, moti chitsime chosaya chimalandira zimene zagwa pamwamba mosakhalitsa.

Komabe tisiyanitse matenda, chifukwa ndamvapo anthu akuloza agalu chala pa zinthu zimene si zawo. Kolera amene anayambira ku Machinga mu March 2022, nafalikira dziko lonse mpaka kupha anthu oposa 1,700, ndipo Salima ndi Nkhotakota anali m'gulu la maboma ovutika, amafala kudzera m'chimbudzi cha munthu. Likodzo lokodzetsa magazi nalonso limayenda pakati pa mkodzo wa munthu ndi nkhono za m'madzi. Tikasakaniza zinthuzi, anthu adzathamangitsa agalu n'kusiya kumanga zimbudzi.

Za kotaya, njira yapafupi ndi kuwola ndi fosholo kapena khasu lakutha limene simulimira ndiwo, n'kukaponya m'chimbudzi chokumba. Ngati simukufuna kutero, kumbani kadzenje kakekake, kozama ndithu, ndipo muzithiramo dothi nthawi iliyonse mukataya. Muyezo umene tinkaphunzitsa pa zimbudzi ndi woti zitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30 ndipo zikhale kumunsi kwake, ndiye dzenje la galu litsatenso zomwezo. Chitsime chanucho chikufunika khoma lokwera pang'ono kuzungulira pakamwa, chivundikiro, ndi kangalande kopatutsa madzi a mvula. Dziwaninso kuti klorini amapha tizilombo ta kolera mosavuta, koma Giardia amalimba, choncho madzi a pachitsime chotere m'nyengo ya dzinja ndi bwino kuwawiritsa ngati nkhuni zilipo.

Wochita malonda a usipa, Lifuwu

Ine ndili ndi maganizo osiyana pang'ono, ndipo mundikhululukire ngati ndilakwitsa. Zimene alangizi anena ndi zoona, koma zikuthandiza munthu amene galu wake ali ndi mbuye ndiponso amagona pakhomo. Bwerani kugombe m'bandakucha pamene mabwato akukocheza, mudzaone agalu amene amasonkhana pansi pa mathandala kudikira usipa wogwa ndi matumbo a nsomba. Mukafunsa mwini wake, aliyense amakana, koma galu yemweyo akagundidwa ndi njinga yamoto mwini amapezeka tsiku lomwelo. Kodi ndowe za agalu amenewa awole ndani?

Chachiwiri n'chochititsa manyazi kuchinena, koma ndichinena. Pa madoko ambiri zimbudzi n'zochepa, zina zimagwa chifukwa zinakumbidwa mumchenga, ndipo alendo obwera kudzagula nsomba amadzithandiza m'mabango. Agalu amapita kukadya zomwezo, kenaka amabwera kudzanunkhiza mabeseni ndi kugona pamchenga pomwe ana amasewera. Ndinaonapo ndi maso anga mayi wina akutola usipa umene unagwa pa thandala, n'kuupukuta mchenga ndi chitenje, n'kuubwezera pamwamba, chonsecho pambali pake panali ndowe za galu zoti ntchentche zili ng'waa. Usipa umenewo unakwera galimoto kupita ku Lilongwe. N'chifukwa chake ndimaona kuti kuuza munthu mmodzimmodzi kuti aziwolera galu wake sikukwanira, nkhaniyi ikufunika ifike ku makomiti a m'magombe, a BVC aja, chifukwa ndi amene ali ndi mphamvu yoika lamulo pa doko ndi kulipiritsa wophwanya.

Ndionjezere kuti abale athu achisilamu, amene ndi ambiri kuno, sasunga galu m'nyumba ndipo chiwiya chimene galu wanyambita amachitsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Iwo akamadandaula za agalu oyendayenda pa malo otunga madzi, ena amaona ngati ndi nkhani ya chipembedzo chabe, koma dandaulo lawo likugwirizana ndi zimene a zaumoyo akunena pano.

Woweta ziweto amene anaphunzirako za mankhwala ake, Chipoka

Achimwene a ku Lifuwu akhudza pamene pali bala, ndipo sindikutsutsa. Koma ndikufuna kuwalimbitsa mtima mayiwa kuti zimene angachite pakhomo pawo si zachabe, ndipo chifukwa chake chili m'mene nyongolotsizi zimakhalira.

Ndowe zimene galu wangochita kumene sizikhala zoopsa pa nkhani ya nyongolotsi monga zimene zakhalitsa. Mazira a kanyongolotsi kamene kanalowa m'phazi la mwana wanu amaswa patapita tsiku limodzi kapena awiri pamalo ofunda, onyowa ndi amthunzi, ndipo timphutsi take timafika potha kuboola khungu pakatha masiku 5 mpaka 10. Malo ngati kuseri kwa bafa, pamene pamakhala chinyezi chaka chonse, ndiwo amene timakonda. Palinso nyongolotsi ina yaikulu yotchedwa Toxocara, yooneka ngati ulusi wonenepa woyera, imene mwina munaionapo m'masanzi a kamwana ka galu kotupa mimba. Mazira ake amafuna masabata awiri mpaka anayi ali m'dothi kuti akhwime, koma akakhwima amakhala amoyo miyezi yambiri, ngakhale zaka, ndipo klorini sawapha. Mwana akawameza kudzera m'manja akuda kapena m'madzi a matope, timphutsi timayenda m'thupi mpaka kuchiwindi, m'mapapo, nthawi zina m'diso. Ndiye mukamawola tsiku lililonse mumakhala mukuchotsa mazirawo asanakhwime, pamene mukadikira Loweruka kapena mukangokankhira pambali ndi tsache mumakhala mukuwafesa.

Pa chifukwa chomwechi, musayerekeze kuthira ndowe za galu m'dimba kapena pa mulu wa manyowa. Anthu amaziyerekeza ndi za ng'ombe kapena mbuzi, koma galu amadya nyama ndi zonyansa, ndipo mulu wa manyowa wa pakhomo sutentha mokwanira kupha mazira amenewa, mapeto ake amakapezeka pa mpiru ndi tomato.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti anthu ambiri amaganiza kuti galu akabayidwa katemera wa chiwewe ndiye kuti watetezedwa ku zonse. Katemerayo ndi wofunika kwambiri, ndipo pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbutsana za matendawa, koma sapha nyongolotsi ngakhale imodzi. Galu wamkulu amafunika mankhwala a njoka zam'mimba pafupifupi miyezi itatu iliyonse, ndipo ana agalu amayamba kumwa ali ndi masabata awiri, chifukwa Toxocara amatengera kwa make asanabadwe n'komwe. Mankhwalawa amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa galu, choncho funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu m'malo mongoganizira. Za kutola ndi majumbo, monga amachitira anthu a ku London akamayenda ndi agalu awo mumsewu, ine sindikuzilimbikitsa kuno. Mapulasitiki opyapyala kwambiri boma linawaletsa mu 2015, ndipo jumbo ikalowa m'chimbudzi chokumba siola, imangodzazitsa dzenje msanga.

Mayi wa ku Senga Bay

Zikomo kwambiri nonse, makamaka pa kundimasulira za masiku amene mazira amatenga kuti akhwime, chifukwa apo ndi pamene ndamvetsa cholakwa changa. Dzulo bambo a kunyumba anakumba dzenje kumunsi kwa khola la nkhuku, ndipo titayeza ndi mapazi tapeza kuti latalikirana ndi chitsime kuposa muyezo umene alangizi anena. Kuseri kwa bafa ndapalapo mchenga wapamwamba wonse n'kukautaya m'dzenjemo, ndipo ana ndawaletsa kusewerako. Agalu tayamba kuwamangirira usiku ndi m'mawa mpaka atadzithandiza, kuti tidziwe pamene tikawole.

Bambo a ku Lifuwu, mawu anu ndawasunga, ndipo ndalankhula kale ndi mayi wina wa m'komiti ya mjigo wathu kuti nkhani ya chivundikiro cha chitsime ndi ya agalu opanda mbuye ikalowe pa msonkhano wa kwa amfumu mvula isanayambe. Mnansi wanga uja sanavomerebe, koma anabwera kudzaona chipsera cha paphazi la mwana ndipo anafunsa dzina la mankhwala. Chimene ndatsala nacho ndi ichi, Bambo a ku Chipoka: galu wathu wamkazi ali ndi bere ndipo akuoneka kuti watsala pang'ono kuswa. Kodi ndimumwetse mankhwala a nyongolotsi panopa, kapena ndidikire kuti amwere limodzi ndi ana ake akakwanitsa masabata awiri aja?